Momwe mungayesere buku lachikondi kapena lofufuza mlandu, ndi kulemba maganizo othandiza anzanu

Mnzanu akakufunsani za buku limene mwangomaliza, inu n'kuyankha kuti "ndi lokoma kwabasi", mwanena zoona koma simunamuthandize. Iye akufuna kudziwa ngati atulutse ndalama zake, ndiponso ngati kuli koyenera kuthera madzulo anayi pa masamba 300. Maganizo a wowerenga amayamba kulemera akakhala ndi poloza chala: pa tsamba lakuti mlembi analonjeza chakuti, pa tsamba lakuti anakwaniritsa, kapena anazemba. Mabuku achikondi ndi ofufuza milandu savuta kuwayesa motere, chifukwa onse amayamba ndi lonjezo lodziwika kale, ndipo ntchito ya wowerenga watcheru ndi kulilondola lonjezolo mpaka kumapeto.

Dziwani kaye chimene buku lalonjeza

Bungwe la alembi a nkhani zachikondi ku America, Romance Writers of America, limene linayamba mu 1980, limafotokoza mtundu umenewu ndi mfundo ziwiri zokha. Chikondi cha ampangankhani akuluakulu chikhale msana wa nkhani yonse, ndipo mathero akhale okhutiritsa mtima ndi opatsa chiyembekezo. Choncho buku limene mwamuna amamwalira pa tsamba lomaliza, kapena awiriwo amasiyana mpaka kalekale, lingakhale labwino zedi, koma malo ake ndi pa shelefu ina. Ndipo kudandaula kuti "ndinadziwiratu kuti atengana" n'kusamvetsa malonda amene mwagula. Aliyense wotsegula buku lotere amadziwa kale kuti atengana. Chimene walipirira ndi njira yokafikira kumeneko.

Kukula kwa buku nakonso ndi mbali ya lonjezo. Timabuku tating'ono ta Mills & Boon, kampani yosindikiza mabuku imene inayamba ku London mu 1908 n'kudzagulidwa ndi Harlequin ya ku Canada mu 1971, timakhala ndi mawu pafupifupi 50,000, masamba osafika 200. M'malo ochepa chonchi simungakwane ampangankhani khumi ndi nkhani zam'mbali zitatu, ndiye musalidzudzule buku lotere chifukwa mng'ono wake wa mkaziyo sanafotokozedwe mokwanira. Amene anakula akubwerekana mabuku a Pacesetters, amene Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977 ndi alembi a mu Africa momwemuno, akudziwa kuti kabuku kopyapyala kamathamanga, sikaima kuti kafotokoze zambiri. Buku lachikondi lalikulu, la mawu 80,000 kapena kuposerapo, ndilo mungalifunse zochuluka.

Buku lofufuza mlandu limalonjeza funso, yankho, ndi kusewera mwachilungamo pakati pa ziwirizi. Koma funsolo limasiyana, ndipo owerenga ambiri amalakwitsa pomwepa. Pali buku limene funso lake ndi lakuti wapha ndani. Pali lina limene wakuphayo mumamuona m'mutu woyamba momwe, ndipo funso ndi lakuti agwidwa bwanji. Pali lotsata ntchito ya apolisi monga gulu, ndi mafayilo awo, mabwana awo ndi kuchepa kwa zipangizo. Pali lofatsa, limene pachikuto amalemba kuti cozy, momwe wofufuza ndi munthu wamba, mwina mayi wogulitsa makeke, ndipo magazi saonetsedwa. Ndiye pali thriller, imene funso lake si zimene zachitika koma zimene zichitike wina akachedwa. Mukayesa thriller ndi muyeso wa buku la "wapha ndani", mudzalinamizira kuti lilibe zizindikiro zokwanira, pamene silinalonjeze zimenezo.

Pensulo ndi pepala limodzi

Zida ndi zimenezi basi. Pindani pepala pakati, lizikhala m'bukumo ngati chosungira tsamba. Buku la ku laibulale kapena lobwereka musalembemo. Ngati mukuwerengera pa foni, gwiritsani ntchito peresenti imene imaoneka pansi pa tsamba m'malo mwa nambala ya tsamba.

Imani kanayi: mukamaliza mutu woyamba, pa kota ya buku, pakati, ndi pamene patsala mitu iwiri. Paliponse lembani mizere iwiri kapena itatu ya zimene mukuganiza kuti zichitika ndi momwe mtima wanu ulili. Izi n'zofunika chifukwa mathero amafufuta chikumbumtima. Mukadziwa wakupha, mutu wanu umakuuzani kuti munamukayikira kuyambira kale, ndipo mathero okoma amakuiwalitsani kuti masamba 70 a pakati munkawerenga mukusinza. Pepala siliiwala. Lembaninso tsamba lililonse pamene munaika buku pansi mosavutikira, ndi pamene munalephera kuliika pansi ngakhale nsima ikuzizira.

Kuyesa buku lofufuza mlandu

Kuseri kwa pepala lanu jambulani mizere yotsika isanu. Woyamba dzina la wokayikiridwa. Wachiwiri chifukwa, kutanthauza chimene angapindule ndi imfayo kapena chimene akuopa kuti chiululika. Wachitatu njira: kodi chida kapena mankhwala akupha akanawapeza, ndipo akanatha kuwagwiritsa ntchito? Wachinayi mpata: anali kuti pa nthawiyo? Mzere wachisanu ndi umene ambiri salemba, koma ndiwo wofunika kuposa yonse: wanena zimenezi ndani?

Mfotokozankhani akakuonetsani yekha kuti chitseko chinali chokhoma, n'zoona. Mlonda akanena kuti anamva galimoto ikutuluka 9 koloko, chimene mukudziwa n'chakuti mlonda wanena choncho, basi. Alembi aluso amakhalira pa mpata umenewu. Amaika bodza m'kamwa mwa mpangankhani wooneka wopanda chifukwa chonamizira, kenaka ena atatu amalibwereza, mpaka wowerenga n'kulitenga ngati mwala.

Zizindikiro zenizeni zimabisidwa m'njira zochepa, ndipo mukazidziwa mumayamba kuziona. Chizindikiro amachiponya pakati pa mndandanda wa zinthu wamba. Amachitchula kutatsala mzere umodzi kuti mfuti ilire kapena foni ibweretse uthenga woipa, kuti maso anu athamangire kutsogolo. Amachinenetsa ndi mwana, chidakwa kapena munthu wolongolola amene palibe amamumvetsera. Kapena chimakhala chinthu chimene chinayenera kukhalapo koma palibe.

Tiyerekeze chonchi. Mwini golosale wapezeka atafa m'chipinda chakuseri. Mlamu wake akuuza apolisi kuti anafika wapansi cha m'ma 8 usiku, n'kupeza zitachitika kale. M'mutu wachiwiri mlembi anali atanena kuti chimvula chinayamba 7 koloko, madzi n'kumayenda m'misewu. M'mutu wachinayi mtsikana wantchito akufotokoza za usikuwo: "Nditamva kukuwa ndinathamangira kumeneko. Ndinawapeza alamu awo atagwira kumutu. Ndinawalandira jekete, ndinaiponya pa thumba la shuga, kenaka ndinakadzutsa amayi." Wowerenga wothamanga akumva za kukuwa ndi za amayi. Wowerenga watcheru akufunsa kuti: ndani m'golosale angaike jekete yonyowa pa thumba la shuga? Jeketeyo inali youma. Mlamuyo analowa mvula isanayambe. Ichi ndi chizindikiro chachilungamo, chifukwa zonse zofunika zinali pamaso panu, mlembi sanabise kanthu m'thumba mwake, anangokuyang'anitsani kwina.

Nkhani ya chilungamo imeneyi si yatsopano. Mu 1929 wansembe wa Katolika wa ku England, Ronald Knox, amene ankalembanso nkhani zotere, analemba malamulo khumi. Ena anakalamba, ndipo limodzi lili ndi mawu atsankho amene lero palibe angawavomere, koma angapo akugwirabe ntchito: wolakwa atchulidwe kumayambiriro kwa nkhani, wofufuza asathandizidwe ndi ngozi kapena kungomva m'thupi, aonetse wowerenga chizindikiro chilichonse chimene wapeza, pasabwere mankhwala akupha osadziwika kwa asayansi, ndipo mapasa asatulukire mwadzidzidzi wowerenga asanakonzekeretsedwe. Malamulowa si Baibulo. Buku lina la Agatha Christie la 1926 linachita chinthu chimene ambiri anati n'kubera, ndipo mpaka lero limatamandidwa, chifukwa ukalibwereza umapeza kuti palibe chiganizo chabodza chimene mlembi analemba. Mutu wake sitiutchula, kuopa kukuonongerani.

Lamulo lina la Knox limakana zamizimu ndi zamatsenga, ndipo limeneli likufuna kuganizira bwino nkhani ikamachitikira kwathu kuno. Ampangankhani kukhulupirira kuti munthu walodzedwa n'zoona za moyo, ndipo mlembi wabwino amagwiritsa ntchito chikhulupirirocho: wakupha amabisala kuseri kwa mphekesera za ufiti, mudzi n'kuloza chala gogo wosalakwa. Koma ngati mwatsata nthawi, makiyi ndi mapazi masamba 250, kenaka yankho n'kukhala lakuti wakuphayo analowa pa bowo la kiyi usiku, mlembi waswa pangano. Sanalakwe polemba za ufiti. Walakwa pokuuzani kuti muwerengere zinthu zimene pamapeto zilibe ntchito.

Mukamaliza buku, musalitseke msanga. Bwererani mufufuze zinthu zitatu. Wolakwa anaonekera koyamba pa tsamba liti? Ngati ndi kupyola theka la buku, kapena anangotchulidwa kamodzi ngati "msuweni wa ku Joni", mpikisano sunali wachilungamo. Kodi mungapeze zizindikiro zosachepera zitatu zoloza kwa iye, zimene zinalembedwa wofufuza asanaulule? Chimodzi chokha ndi mwayi, zitatu ndi ntchito. Ndipo osalakwa amene ananama, ananamiranji? Aliyense wosokeretsa ayenera kukhala ndi chake chobisa: wina anali kwa chibwenzi, wina ankaba ndalama za m'kabati, wina ankateteza mwana wake. Mlembi akasiya mpangankhani amene anawotcha malaya pakati pa usiku popanda kufotokoza chifukwa, ndiye kuti anangoika utsi wopanda moto.

Zolakwika zina zimabwerezedwa m'mabuku ambiri a masiku ano. Wolakwa amaulula yekha atalozetsa mfuti wofufuza, n'kufotokoza zonse masamba asanu, chifukwa mlembi analephera kumanga umboni woti n'kumugwira nawo. Wofufuza amalandira envelopu, "nkhope yake n'kusintha", koma inu osauzidwa zili m'katimo mpaka mutu womaliza. Ndiye pali vuto la foni. Nkhani ya lero ili ndi mafoni osunga mauthenga ndi malo, makamera a m'masitolo, ndi mbiri ya ndalama zotumizidwa pa foni. Mlembi ayenera kuzigwiritsa ntchito kapena kupereka chifukwa chomveka chimene sizikuthandiza. Netiweki ikasowa kamodzi, n'zochitika. Ikamasowa nthawi iliyonse imene mpangankhani akufuna thandizo, lembani masambawo.

Za kupima mtembo nazo muzikhala nazo maso. Thupi limayamba kuuma patapita maola awiri mpaka anayi munthu atamwalira, limauma lonse pofika maola pafupifupi 12, ndipo limafewanso pakatha tsiku limodzi ndi theka kapena masiku awiri. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. N'chifukwa chake dokotala weniweni amapereka nthawi yotambasuka, monga pakati pa 8 koloko ndi pakati pa usiku. Dokotala wa m'buku akayang'ana mtembo n'kunena kuti anamwalira 9:15 ndendende, mlembi wadzifewetsera ntchito. Chimodzimodzi zotsatira za DNA zobwera pakutha pa ola limodzi ku polisi ya kumudzi.

Kuyesa buku lachikondi

Funso lalikulu ndi limodzi: n'chiyani chikuwaletsa awiriwa kukhala pamodzi lero lomwe? Yankho lilembeni m'chiganizo chimodzi pofika pa kota ya buku. Mukalephera, buku lili ndi vuto.

Chotchinga chimakhala chakunja kapena cham'kati. Chakunja ndi makolo, mtunda, ntchito, ngongole, chipembedzo, mwana wa banja loyamba. Cham'kati ndi chimene munthu amakhulupirira za iye mwini: kuti aliyense amene amamukonda amachoka, kuti kupempha thandizo n'kufooka, kuti sayenera chimwemwe chifukwa cha zimene anachita kale. Buku lolimba limakhala ndi zonse ziwiri, ndipo chakunjacho chimakanda pa bala la cham'kati.

Muyeso wosavuta ndi uwu: awiriwa atakhala pansi mphindi zisanu n'kulankhulana moona, kodi vuto litha? Mtsikana waona bwenzi lake likukumbatira mkazi wina pa depoti, walitsekera foni masamba 80, kenaka zadziwika kuti anali mlongo wake. Limeneli si vuto, ndi kuchedwetsa chabe, ndipo wowerenga amamva kuti akumuseweretsa. Tsono taonani ichi. Namwino wapeza ntchito ku Britain imene wakhala akuisakasaka zaka zisanu, ndipo ndiyo idzalipirire sukulu azing'ono ake. Mwamuna amene akumukonda akulera ana atatu a malemu mkulu wake pamodzi ndi mayi ake okalamba, sangachoke. Atakhala pansi usiku wonse, vuto likhalapobe m'mawa, chifukwa onse akunena zoona. Wina ayenera kutaya kanthu, kapena onse asinthe. Pamenepo pali buku.

Kenaka funsani kuti n'chifukwa chiyani ali awiriwa, osati wina aliyense wooneka bwino. Mlembi waulesi amakuuzani kakhumi kuti mtima wa mkazi unagunda, kuti mwamuna anali ndi mapewa otambasuka. Mlembi waluso amakuonetsani mwamuna atazindikira kuti mkaziyo sadya akakhala ndi nkhawa, n'kumusiyira chikho cha phala pa tebulo osanena kanthu. Werengani zochitika zimene awiriwa akuchitira chinthu limodzi, kukonza galimoto, kudikirira wodwala, kukangana za mtengo wa katundu. Zikakhala zosakwana zitatu kapena zinayi m'buku lonse, ndipo zotsalazo ndi kuyang'anana ndi kulotana, chikondicho mwangouzidwa, simunachione. Onaninso ngati aliyense ali ndi chimene akufuna pa moyo kupatula mnzakeyo. Mpangankhani wopanda ntchito, mnzake kapena cholinga amakhala ngati mpando wodikirira wokhalapo.

Mabuku ambiri amtunduwu amayenda mofanana. Awiriwa amakumana m'mitu iwiri kapena itatu yoyamba. Chapakati pamachitika chinthu chimene chimawachititsa kuti asathenso kunamizira kuti palibe kanthu. Buku likafika pa magawo atatu mwa anayi, zonse zimasweka, ndipo chotsalacho ndi kukonza. Kutsata njira imeneyi si tchimo. Poyesera ndi pa kuswekapo. Kusiyana kwawo kuchokere m'bala limene mwakhala mukuliona kuyambira pachiyambi. Kukachokera kwa bwenzi lakale limene latulukira dzulo, kapena ku kalata yosochera, pampondachimera pamakhala pogwefuka. Ndipo kupepesa kulingane ndi kulakwa. Mwamuna amene wanyoza mkazi pamaso pa abale ake sangakonze ndi maluwa ndi kuthamangira ku bwalo la ndege. Fufuzani chimene wasintha m'zochita zake, ndi chimene chamutayitsa.

Pali chinthu china chimene wowunika sayenera kuchilekerera. Mabuku ena amajambula nkhanza ngati chikondi. Mwamuna amafufuza foni ya mkazi, amamuletsa kucheza ndi anzake, amamutsatira ku ntchito, mkazi akati ayi iye n'kupitiriza, ndipo nkhani imamuombera m'manja kuti ndi nsanje ya wokonda. Kulemba za munthu wotere si kulakwa. Funso ndi lakuti bukulo likudziwa kodi kuti khalidweli ndi loipa? Likudziwa ngati mkaziyo kapena wina amalitchula, ndipo mwamunayo amalipira ndi kusintha. Ngati silikudziwa, nenani poyera, chifukwa mabuku amenewa amawerengedwanso ndi atsikana a Fomu 2. Chimodzimodzi pamene wina ndi bwana wa mnzake, kapena ndiye amamulipirira lendi: onani ngati wochepa mphamvuyo akanatha kukana popanda kutaya chakudya chake.

Za kuchipinda n'zosiyana ndi zimenezi. Mabuku ena amatseka chitseko, ena amafotokoza zonse. Kumeneku si kulakwa kapena kukhoza, ndi mlingo chabe, ndipo ntchito yanu ndi kuuza wowerenga mlingowo kuti asankhe yekha.

Mabuku ambiri a lero amasinthanitsa mfotokozankhani, mutu uno mkazi, wotsatira mwamuna. Phimbani dzina la pamwamba pa mutu ndi chala, muwerenge ndime imodzi. Mukalephera kudziwa amene akulankhula, mlembi ali ndi liwu limodzi lokha limene waliveka mayina awiri.

Malo a nkhani nawo ali ndi mphamvu pa chotchinga. M'mabuku ambiri a ku America awiri amatha kugwirizana za ukwati makolo n'kudzamva pambuyo, ndipo kumeneko n'zomveka. M'mabuku achikondi a Chihausa a ku Kano, amene amatchedwa littattafan soyayya, banja, chipembedzo ndi mitala zili pakati penipeni pa nkhani. Ankara Press, imene kampani yosindikiza mabuku ya ku Nigeria ya Cassava Republic inakhazikitsa mu 2014, inabwera ndi cholinga chotulutsa nkhani zachikondi za anthu a mu Africa a masiku ano. Buku lililonse liyesedwe ndi malo ake. Koma nkhani ikati ikuchitikira ku Zomba kapena ku Chipata, awiri n'kufika pa ukwati popanda malume, ankhoswe kapena mawu a azakhali, mlembi atiuze chifukwa. Apo ayi, watenga nkhani ya kwina n'kungosintha mayina a misewu.

Buku losakaniza chikondi ndi mlandu liyeseni ndi miyeso yonse iwiri, kenaka muwonjeze funso limodzi: mutachotsa mlanduwo, chikondicho chingasinthe? Zingwe ziwirizi zizikokana, monga pamene umboni ukuloza kwa mchimwene wa wokondedwayo. Zikangoyenda moyandikana ngati njanji, ndi mabuku awiri osokedwa pamodzi.

Kulemba maganizo anu

Dikirani tsiku limodzi. Zimene zatsala m'mutu mawa lake ndizo zenizeni za bukulo. Mawu 250 mpaka 400 ndi okwanira.

Yambani ndi mtundu wa buku ndi kukula kwake, kuti wowerenga adziwe muyeso umene mukugwiritsa ntchito. Fotokozani chiyambi cha nkhani m'ziganizo zitatu kapena zinayi, osapyola zimene zachitika m'kota yoyamba. Ambiri amathera ndime zisanu akubwereza nkhani yonse, maganizo awo n'kukhala mzere umodzi kumapeto. Tembenuzani zimenezo. Sankhani chinthu chimodzi chimene chinagwira ntchito ndi chimodzi chimene chinalephera, chilichonse ndi umboni wochokera pa pepala lanu lija. "Pakati pake ndi potopetsa" n'zochepa. "Kuyambira mutu 11 mpaka 16 wofufuza akufunsanso anthu omwe aja mafunso omwe aja, ndipo palibe chatsopano chimene tikuphunzira" n'zothandiza, ndipo wotsutsa angathe kutsegula bukulo n'kuona yekha. Mukafuna kuonetsa kalembedwe, tengani mzere umodzi kapena iwiri, osati tsamba.

Siyanitsani kukonda kwanu ndi kulakwa kwa buku. Ngati nkhani za adani osanduka okondana sizikusangalatsani, nenani choncho, kuti amene amazikonda adziwe kuti kudandaula kwanu si kwawo. Kulakwa ndi pamene buku lalephera chimene lokha linalonjeza.

Kuulula mathero kuli ndi njira zambiri kuposa kutchula dzina la wakupha. "Muzimuyang'anitsitsa dalaivala" n'kuulula. "Simungamuganizire n'komwe" n'kuulula, chifukwa wowerenga angochotsa onse okayikitsa n'kutsala ndi wofatsa uja. Ngakhale kunena kuti kumapeto zinthu zitembenuka modabwitsa kumaononga, popeza munthu amawerenga akudikirira kutembenukako. Nenani za ubwino wa yankho osati maonekedwe ake: linali lachilungamo, zizindikiro zinalipo, kapena linachokera kumwamba. M'buku lachikondi kunena kuti atengana si kuulula, koma kunena chimene chinawalekanitsa ndi amene anagonja n'kuulula. Ngati simungathe kufotokoza cholakwika popanda kukhudza mathero, chiikeni pansi penipeni, mutachenjeza ndi mawu oonekera bwino.

Chenjezani za zinthu zimene zingapweteke wina: kugwiriridwa, imfa ya mwana, kudzipha, kupita padera. Mzere umodzi ndi wokwanira, popanda kunena kuti zinagwera ndani. Nenaninso ngati bukulo ndi la mndandanda, ndiponso ngati munthu angayambire pomwepo. Mabuku ofufuza milandu ambiri amatheka kuyambira pena paliponse, koma ena amatchula wolakwa wa buku lapitalo m'mutu woyamba.

Buku limene simunalimalize mungalilembere ndithu, bola munene tsamba limene munalekera ndi chifukwa chake, ndipo musaweruze mathero amene simunawaone. Ngati bukulo munapatsidwa ulere ndi mlembi kapena wosindikiza, kapena mlembiyo mumadziwana naye, nenani pachiyambi. Kwathu kuno alembi ndi owerenga ndi ochepa, timakumana m'maukwati ndi m'maliro, ndiye chiyeso chongoyamikira chimakhala chachikulu. Lankhulani za masamba, osati za munthu. Kuuza mlembi kuti mlonda wake anasowa pa mutu 9 osabwereranso n'kumulemekeza kuposa kumuuza kuti walemba bwino kwambiri.

Pa nyenyezi zimene owerenga amapatsa buku poliyesa, dziikireni tanthauzo lanu ndipo musalisinthe. Pa Goodreads, tsamba la pa intaneti la owerenga mabuku, zimayambira imodzi mpaka zisanu. Njira imodzi yabwino ndi iyi: zitatu kwa buku limene lakwaniritsa lonjezo lake, zinayi kwa limene mungapatse mnzanu osadikira kuti apemphe, zisanu kwa limene mudzabwereze ngakhale mukudziwa mathero. Ziwiri ndi za limene linaswa lonjezo koma lili ndi kena kabwino, imodzi ndi ya limene linakutayitsani nthawi. Mukamapereka zisanu kwa buku lililonse limene mwamaliza, owerenga anu sadzadziwa limene munalikondadi.

Ngati mukuwerenga pagulu, monga pa WhatsApp, gwirizanani mutu wofikira sabata iliyonse, ndipo aliyense ayambe uthenga wake ndi nambala ya mutu umene akunena. Pa buku lofufuza mlandu, imani patatsala mitu iwiri, aliyense atumize kwa munthu mmodzi dzina la amene akumuganizira ndi zizindikiro zake zitatu. Munthuyo asunge mayankhowo mpaka onse atamaliza. Mukadzawatsegula, onani chiwerengero. Onse akakhoza, mlembi anabisa mosasamala. Akapanda kukhoza ndi mmodzi yemwe, bwererani ku masamba mukaone ngati zizindikirozo zinalipodi.